Magomero: Mudzi Umene Adaumanga Obwera

Ukachoka ku Limbe kulowera ku Zomba, n'kudutsa pa Njuli ndi pa Mbulumbuzi, umafika pa Namadzi, kumalire a boma la Chiradzulu ndi la Zomba. Apaulendo ambiri amangoimapo kugula tomato ndi nthochi, basi ulendo n'kupitirira. Koma chakum'mawa kwa msewuwo, motsata mtsinje wa Namadzi, kuli dera lotchedwa Magomero. Ndi dera la midzi yothinana, minda ing'onoing'ono ya chimanga, nandolo ndi chinangwa, mitengo ya mango pakhomo lililonse, ndiponso timisitu ta kumanda tomwe nkhwangwa siifikako. Kukacha bwino phiri la Zomba limaoneka kumpoto, la Chiradzulu kummwera, la Mulanje patali kum'mawa.

Kumeneko n'kwathu. Ndikatero sindichita kukayika, ndipo palibe amanditsutsa. Komatu makolo a mbumba yathu adafika kumeneku atasenza mitolo pamutu, chinenero cha eni dziko osachidziwa, ndipo kwa zaka pafupifupi 50 ankalima nthaka imene mzungu akadatha kuwachotsapo tsiku lililonse. Nanga malo oterewa adasanduka bwanji kwathu? Mbiri ya Magomero ili ndi yankho lake, ndipo yankholo lidagulidwa ndi misozi.

Linga la amishoni

Eni nthaka akale adali Amang'anja, anthu odziwa kusula makasu ndi kuomba nsalu za thonje. Chapakati pa zaka za m'ma 1800 Ayao adayamba kulowa m'derali, nawonso akuthawa nkhondo ndi njala kwawo, ndipo malonda ogulitsa anthu adakula kwambiri. Mu Julayi 1861 David Livingstone adakwera mapiri kuchokera ku mtsinje wa Shire pamodzi ndi Bishopu Charles Mackenzie ndi amishoni anzake a UMCA. Pamudzi wa Mbame adakumana ndi mdipiti wa akapolo 84 omwe ankapita nawo ku Tete. Adawamasula, n'kuwadula magoli m'khosi. Mfumu Chigunda idawalola kukhala pa Magomero, pamalo pomwe mtsinje udakhota n'kuzinga mtunda mbali zitatu, ndipo mbali yotsalayo adamangako mpanda.

M'lingamo mudadzaza amayi ndi ana omwe midzi yawo idali itapsa. Ankalandira chakudya ndi nsalu, ndipo usiku ankagona osaopa wowagwira. Amishoniwo adali ndi chifundo chenicheni, zimenezo tisawamane. Koma anthu aja adalibe malume wowaimira pamlandu, adalibe mtengo wothirapo nsembe, adalibe munda umene mayi wawo adalimapo. Moyo wawo wonse udatsamira pa alendo ochepa ochokera kutsidya la nyanja, amenenso adalowerera nkhondo za Amang'anja ndi Ayao mpaka kutentha misasa ya Ayao. Mvula itagwa, madzi a mumtsinje adaipa, kamwazi adalowa m'lingamo n'kutenga ana ambiri. Bishopu Mackenzie adamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo mu Epulo chaka chomwecho amishoni otsala adasamukira kwa Chibisa, ku Chikwawa. Kenaka kudagwa chilala ndi njala yoopsa imene idapululutsa midzi yambiri ya Amang'anja.

Mmodzi mwa ana omasulidwa mu 1861 adali Chuma, mnyamata wachiyao. Ndiye uja amene kuyambira mu 1873 mpaka mu 1874, pamodzi ndi Susi ndi anzawo, adanyamula mtembo wa Livingstone kuchokera kwa Chitambo mpaka kugombe la nyanja ku Bagamoyo. Dziko lonse limamudziwa chifukwa cha ulendo umenewo, koma iye sadamange pa Magomero. Adakamwalirira ku Zanzibar mu 1882. Mudzi woyamba uja sudakwanitse ngakhale chaka. Adaumanga ndi ena, pofuna kuthandiza ena, ndipo omangawo atanyamuka nawonso udanyamuka.

Munda wa mwini

Dziko lino litalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891, malo aakulu a kumapiri a Shire adalembedwa m'mapepala kuti ndi a azungu. Magomero adagwa m'manja mwa banja la Alexander Low Bruce, mkamwini wa Livingstone, amene adakwatira mwana wake Agnes. Esiteti yake inali ya maekala oposa 160,000. Kuyambira 1893 woyang'anira wake adali William Jervis Livingstone, amene anthu ankamutchula kuti Listonia. Adayesa khofi koma adakanika, ndiye adatembenukira ku thonje, pambuyo pake fodya. Nthaka inalipo yambiri. Chosowa chinali manja olima.

Manjawo adachokera kum'mawa. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, makamaka panthawi ya njala ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Alomwe ambirimbiri adawoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Ankadzera kuseri kwa phiri la Mulanje ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, n'kudutsa chigwa cha Phalombe. Anganga anga, amayi awo a mayi anga, adamva za ulendowu kwa anganga awo omwe adauyenda ndi mapazi awo. Ankati: "Mdzukulu wanga, iwo aja sadatenge chuma. Adatenga ana, mphika, ndi mbewu zomanga pansalu. Pofika kuno miyendo inali itatupa, ndiye mzungu atati khalani apa, iwo adangoti zikomo."

Zikomo ameneyo adawalowetsa mu thangata. Pangano la pakamwa linali lakuti mwamuna agwire ntchito mwezi umodzi kulipira malo okhala ndi mwezi wina kulipira msonkho wa nyumba. Koma mwezi wa pa esiteti sunkatha monga umathera mwezi wakumwamba. Ntchito ankaiyeza ndi ndime, ndipo ukalephera kumaliza ndime ya tsikulo kapitawo sankalemba pa tikiti, tsiku lonse n'kupita pachabe. Motero miyezi iwiri inkatha kufika inayi, isanu, mwina kuposa. Choipitsitsa n'chakuti ntchitoyi inkafunika nthawi ya dzinja, pamene munda wako ukufuna kupalira ndi kubandira. Malipiro adali ochepa, nthawi zina fodya m'malo mwa ndalama. Chikoti sichinkasowa. Ngakhale amayi amasiye ankawatulutsa kukalima. Akapitawo ena ndi amene adaikidwa kukhala mafumu a midzi yatsopanoyo, kotero munthu yemwe ankakuweruza mlandu madzulo ndi yemwenso ankakuyezera ndime m'mawa.

Amang'anja ndi Ayao omwe adapezeka kale pamalopo anali ndi kotsamira pang'ono, poti mapepala a boma ankati midzi yakale isasokonezedwe. Obwera adalibe chilichonse. Kubwerera ku Mozambique kunali kubwerera kumoto. Adali ndi denga, adali ndi munda, ana ankabadwa ndi kukula, koma tsiku lililonse ankadzuka akudziwa kuti pali munthu amene akangoti "choka", achoka.

Tchalitchi cha udzu

Chapafupi ndi esitetiyi, ku Mbombwe, Mbusa John Chilembwe adakhazikitsa Providence Industrial Mission mu 1900 atabwerako kumaphunziro ku Lynchburg, m'dziko la America. Alomwe ambiri a m'thangata adalowa mpingo wake. Sikovuta kumvetsa chifukwa chake. Kumeneko munthu ankaitanidwa ndi dzina lake, ankavala zoyera Lamulungu, ana ake ankaphunzira kuwerenga, ndipo akamwalira ankaikidwa ndi abale a mumpingo. Koma Alexander Livingstone Bruce, mwana wa mwini malo uja, sankalola sukulu kapena tchalitchi pa esiteti yake. Akhristu a PIM akamanga katchalitchi ka mitengo ndi udzu m'mudzi mwawo, Listonia ankakatentha.

Tikamakamba za kuukira kwa 1915 timakonda kutchula msonkho, thangata, ndi nkhondo ya azungu imene idayamba kudya ana a dziko lino ku Karonga mu 1914. Zonsezo n'zoona. Koma ine ndimaganiziranso za matchalitchi a udzu aja. Anthu omwe adali asanaloledwe kukhala eni a chilichonse adadula mitengo, akazi adamweta udzu, n'kumanga nyumba imodzi imene sinali ya bwana. Kuitentha kunali kuwauza kuti ngakhale popemphera ndinu alendo.

Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe adazinga nyumba ya Listonia pa Magomero, adamupha n'kumudula mutu. Azungu ena awiri a pa esitetiyi, Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson, adaphedwanso usiku womwewo. Akazi ndi ana a azungu sadawapweteke. Gulu lina lidapita kukathyola nyumba ya mfuti ku Mandala, ku Blantyre, koma silidapeze zambiri. Kubwezera kwa boma kudali koopsa: midzi idatenthedwa, anthu adawomberedwa m'tchire, ena adanyongedwa, ena adaponyedwa m'ndende, ndipo tchalitchi chachikulu cha njerwa ku Mbombwe adachigumula. Chilembwe adaphedwa pa 3 Febuluwale akulowera kumalire a Mozambique. Mishoni yake idakhala yotseka mpaka 1926 pamene Dr Daniel Malekebu adaitsegulanso.

Lero nkhope ya Chilembwe ili pa ndalama zathu ndipo pa 15 Januwale timapuma pomukumbukira. Koma thangata silidathe mu 1915. Anthu omwe adathawira m'mapiri adabwerera kudzamanganso pa phulusa la nyumba zawo, ndipo mvula yotsatira idawapeza ali pa ndime. Ambiri akadatha kupitirira ulendo. Chidawabweza n'chiyani?

Zimene amayi adasunga

Anganga ankayankha funsoli mosazungulira. Ankati chaka chachiwiri makolo athu atafika, mwana wina wa m'banjamo adamwalira. Adapita kwa mfumu ya Amang'anja ya pafupi kukapempha poti amugoneke, ndipo mfumuyo idawalozera malo pansi pa mitengo, n'kutumanso anyamata ake kudzathandiza kukumba. "Kuyambira tsiku limenelo," ankatero anganga, "mayi wa mwanayo adati ine sindipitanso kwina. Ndani adzasesa pamanda a mwana wanga? Ndiye abale ake akadamusiya yekha?" Nthaka inali ya mzungu papepala, koma inali itasunga munthu wathu, ndipo mzunguyo sankadziwa ngakhale dzina lake.

Kwathu kuno, kaya ndi kwa Alomwe, Ayao kapena Amang'anja, mudzi umayenda ndi akazi. Mtsikana akakula, mwamuna ndiye amabwera kudzamanga pafupi ndi apongozi ake. Munda umachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, ndipo malume amayang'anira mbumba. Mudzi woterewu umakula ngati mbatata: mphukira imayala, pomwe yakhudza dothi imamera mizu, n'kuyalanso. Nyumba ya mayi pakati, za ana ake aakazi mozungulira, za adzukulu kuseri kwake. Mchombo wa mwana aliyense unkakwiriridwa pakhomo pomwepo.

N'chifukwa chake lamulo la 1928 lokhudza anthu okhala pa maesiteti lidawawa kwambiri. Lidalola kuti munthu alipire malo ndi ndalama, mbewu kapena ntchito, koma lidapatsanso mwini esiteti mphamvu yochotsa gawo limodzi mwa magawo khumi a anthu ake zaka zisanu zilizonse popanda kupereka chifukwa. Akadathanso kuchotsa mnyamata wofika zaka 16, ndiponso kukaniza mwamuna wochokera kunja kudzakhala ndi mkazi wake pa esiteti. Tangoganizani mayi amene walera mwana wamkazi, wamuvinira chinamwali, ukwati wamangidwa ankhoswe alipo, koma kuti mkamwini azike mtengo woyamba wa nyumba mpaka akavomere bwana wa ku ofesi. Lamulo limeneli lidagwira mudzi pakhosi penipeni.

Amayi sadagonje. Ankadziwa kupempha kapitawo, kudziwa nthawi yokhala chete, kudziwa kusunga mkamwini mwakachetechete mpaka dzina lake lilowe m'buku. Adabzala mango ndi mapapaya pomwe sankadziwa ngati adzadya zipatso zake. Adabzala chinangwa, nandolo ndi kalongonda, mbewu zopirira zomwe zimadikira munthu ngakhale watanganidwa ndi munda wa wina. Adakwatitsa ana awo kwa Ayao ndi Amang'anja, kotero kuti patapita mibadwo iwiri kunalibe banja lopanda chibale kutsidya kwa mtsinje. Mtengo wake unalipo: ana adayamba kuyankha m'Chinyanja akafunsidwa m'Chilomwe, ndipo ambiri adachita manyazi ndi chinenero cha makolo awo chifukwa cha dzina lonyoza limene ankatchulidwa nalo. M'zaka za m'ma 1940 Lewis Bandawe ndi anzake adalimbana mpaka boma lidasiya kulemba dzinalo n'kuyamba kulemba kuti Alomwe. Ulemu udabwerera, koma m'mabanja ambiri chinenero sichidabwerere.

Njala ya 1949 ndiyo idayesa mizu imeneyi. Anganga adali mtsikana wamkulu ndithu, ndipo ankaikumbukira bwino. Mvula idadula mbewu zili m'mawondo. Amuna ambiri adanyamuka kukasuma, ena ku Mozambique, ena kumidzi ya kwawo, ndipo ena sadabwerenso. Otsala adali amayi, ana ndi nkhalamba. Ankadya gaga, mizu ndi masamba, ndipo kachakudya kakapezeka, akazi apachibale ankaphika mphika umodzi ana onse n'kudyera pamodzi. "Amuna adapita," ankatero anganga, "ife tidatsala, poti tikadapita kuti? Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka." Mwambi umenewu adaunena munthu amene anganga ake adabadwira ku Mozambique, ndipo ponena kuti kwanu ankatanthauza Magomero.

Tsiku limene "choka" adatha

Pofika nthawi imeneyi boma la atsamunda lidali litaona kuti nkhani ya malo idzabutsa moto wina. Mu 1946 Sir Sidney Abrahams adafufuza za vutoli ndipo adalangiza kuti boma ligule malo a maesiteti omwe sankalimidwa kapena pomwe padadzaza anthu. Mu 1952 boma lidagula gawo lalikulu la esiteti ya Magomero. Thangata lidathetsedwa m'malamulo mu 1962, ndipo pa 6 Julayi 1964 dziko lidalandira ufulu.

Kwa anthu a m'midzi yathu, kusinthaku kudaoneka m'zinthu zing'onozing'ono. Dzinja lidafika, munthu n'kudzuka kupita kumunda wake osayang'ana kunjira ngati kukubwera kapitawo. Mkamwini adamanga osapempha kwa wina aliyense koma kwa apongozi ndi kwa amfumu. Anthu adayamba kuumba njerwa n'kuziwotcha, chinthu chimene munthu woyembekezera kuthamangitsidwa sachita. Matchalitchi ndi mizikiti zidamangidwa poyera, sukulu zidatsegulidwa. Pepala la boma silidapange mudzi; mudziwo amayi adali ataumanga kale ndi manda, maukwati ndi mbewu. Chimene pepalalo lidachita ndi kuchotsa mantha, ndipo popanda kuchotsa manthawo ntchito yonse ya amayi aja ikadakhalabe yolendewera.

Mu 1987 Landeg White adatulutsa buku la mbiri ya Magomero, atawerenga makalata a amishoni ndi a boma ndiponso atacheza ndi akuluakulu a m'midzi. N'zokondweretsa kuti dera lathu lidalembedwa. Koma mbiri yomwe imagwira ntchito tsiku ndi tsiku ndi ija amaikamba pamaliro ndi pamilandu ya malire a minda, pamene gogo wina amaimirira n'kutchula mayina a akazi, mayi wobala mayi, mpaka kufika kwa uja adabwera ndi mtolo. Amene angatchule mzere umenewo, ndi kuloza pomwe aliyense adagona, palibe angamufunse kuti kwanu n'kuti.

Magomero wa lero

Lero vuto ndi lina. Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma othinana kwambiri m'dziko muno. Munda umene unkadyetsa banja limodzi wagawidwa kwa ana, kwa adzukulu, mpaka ena atsala ndi mizere yowerengeka. Nthaka yatopa, popanda feteleza sibereka. Achinyamata ali ku Ndirande, ku Bangwe, ku Lilongwe, ena ku Johannesburg. Komabe ndalama yoyamba akaipeza amatumiza ya malata a nyumba ya mayi, ndipo wina akamwalira kutali, abale amasonkha mpaka thupi lifike kumudzi. Tchopa, gule amene makolo adabwera naye, adalembedwa ndi UNESCO mu 2014 pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo adzukulu omwe sadziwa Chilomwe amamuvina monyadira.

Pali zinthu ziwiri zimene zimandidetsa nkhawa. Choyamba ndi kugulitsa minda. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo, ndipo n'chinthu chabwino ngati chiteteza ofooka. Koma pepala likalembedwa m'dzina la munthu mmodzi, malume kapena mwamuna, pomwe mundawo ndi wa mbumba yonse, tsiku lina mwana wamkazi adzamvanso mawu aja akuti "choka", ulendo uno kuchokera kwa m'bale wake. Amayi omwe adasunga nthakayi m'zaka za thangata ndi za njala ayenera kuti mayina a ana awo aakazi alembedwepo.

Chachiwiri ndi mmene timalankhulira za anthu omwe afika posachedwa. Ndamvapo anthu a kwathu akunena mnzawo kuti ndi wobwera, kaya wachokera ku Mozambique, kaya madzi osefukira adamulanda mudzi, kaya ndi mkamwini amene mkazi wake wamwalira ndipo akuuzidwa kuti anyamule zake asiye ana. Ife sitiyenera kutero. Ayao adafika kuno akuthawa, Alomwe adafika akuthawa, ndipo Amang'anja omwe adatilandira adali atangopulumuka ku ukapolo ndi njala. Tikudziwa kuti chakudya chokha sichisandutsa malo kukhala kwanu, poti a m'linga la amishoni ankadya. Tikudziwa kuti munda wokha sukwanira, poti a m'thangata ankalima. Munthu amakhazikika akapatsidwa pogoneka akufa ake, akaloledwa kukwatira ndi kukwatitsa, akaitanidwa ku maliro ndi ku milandu monga mmodzi wa ife, ndiponso akadziwa kuti mawa palibe adzamuthamangitse.

Mfumu ya Amang'anja imene idalozera makolo athu malo a manda inalibe mphamvu pa esiteti, inalibe chuma, ndipo dzina lake silidalembedwe m'buku lililonse. Idapereka chokhacho chimene inali nacho, ndipo mbumba yathu yonse yaima pa mphatso imeneyo. Ngongole yotere sitingaibweze kwa mwini wake. Tingaibweze kwa munthu wotsatira amene adzafike pakhomo pathu alibe kolowera, ndipo ana athu tiwaphunzitse kuti atero.